Momwe mungakonzere wisiki wotentha wa maapozi m'chisanu cha Mzuzu

Juni ndi Julayi akafika, Mzuzu safuna nthabwala. Chifunga chimatsika dzuwa lisanalowe, kamvula kowaza kamakhalira kunyowetsa juzi, ndipo mowa wa mufiriji sukomanso. Ndi nyengo imeneyi pamene kwathu ku Katoto timakonza wisiki wotentha wa maapozi alendo akabwera madzulo. Sichovuta, koma chimafuna kudekha, ndipo ambiri amachiwononga pa chinthu chimodzi: amaphikira wisiki pamoto.

Za anthu anayi, pezani lita imodzi ya juwisi wa maapozi, timitengo tiwiri ta sinamoni, ma cloves anayi (tokometsera touma tooneka ngati timisomali), jinja wamuwisi wotalika ngati chala chachikulu, ndimu limodzi, uchi, apozi limodzi ndi wisiki. Jinja ndi mandimu sasowa mumsika waukulu wa Mzuzu. Sinamoni wa timitengo mungavutike naye pang'ono, yesani m'masitolo akuluakulu a m'tauni. Mukapeza waufa yekha, theka la supuni yaing'ono ndi lokwanira, kungoti amadetsa chakumwa ndipo amasiya nsenga pansi pa kapu.

Pa juwisi ndiye pofunika kusamala. Werengani pa paketi, muone kuti palembedwa 100%. Zosungunula ndi madzi zija ndi shuga ndi mtundu chabe, mukazitenthetsa zimanunkha ngati switi. Musatengenso Savanna kapena Hunter's poganiza kuti nazonso ndi za maapozi. Umenewo ndi mowa kale, mukauphatikiza ndi wisiki mukhala mukumwa zambiri kuposa mmene mukuganizira.

Ine ndimakonda kudzipangira ndekha madzi a maapoziwo. Tsukani maapozi asanu ndi limodzi, chotsani njere, muwadule tizidutswa ting'onoting'ono osasenda, chifukwa fungo lambiri lili m'khungu. Obiriwira owawasa aja a Granny Smith, omwe ambiri amachokera ku South Africa, muwasakanize ndi ofiira otsekemera. Aikeni mu poto ndi lita imodzi ya madzi, aphike mphindi 25 mpaka afewe, muwakanye ndi mthiko, kenaka musefe ndi kansalu koyera. Madzi ake amatuluka a mbuu, osawala ngati a m'paketi, koma kukoma kwake n'kwina.

Tsopano thirani juwisiyo mu poto woyera. Asakhale amene munaphikira usipa masana, fungo la nsomba silibisika. Ponyanimo sinamoni, ma cloves ndi jinja woduladula mopyapyala. Sendani kakhungu ka ndimu kotalika ngati chala, kakunja kokha, chifukwa choyera cham'kati chija chimawawa. Ma cloves musapyole anayi. Ndi aukali, akachuluka amachititsa dzanzi lilime ndipo apozi samvekanso.

Moto ukhale wochepa. Ngati magetsi azima ndipo muli pa mbaula, dikirani makala ayambe kuvala phulusa, kapena chotsaniko ena. Mukufuna kuona nthunzi ikukwera ndi tithovu tating'ono m'mbali mwa poto, osati kubwadamuka. Vundikirani, zikhale choncho mphindi 15. Mudzadziwa kuti zatheka fungo la sinamoni likafika pabalaza anthu n'kuyamba kufunsa kuti kukhitchini kukuchitika chiyani.

Phulani, sefani. Apa ndi pothira uchi, ndipo lawani kaye. Juwisi wa m'paketi amakhala wotsekemera kale, supuni imodzi yaikulu ingakwane, pomwe wodzipangira angafune ziwiri kapena zitatu. Finyiranimo theka la ndimu. Ndimulo musalisiye, ndi limene limadzutsa chakumwachi kuti chisakhale ngati madzi a shuga.

Makapu muwatenthetse kaye ndi madzi ofunda. Tambula yagalasi yozizira ikalandira zotentha mwadzidzidzi imatha kusweka, n'chifukwa chake kapu yadothi yomwera tiyi ndi yabwino koposa. M'kapu iliyonse thirani matoti awiri a wisiki, omwe ndi mamililita 50, kenaka juwisi wotenthayo pamwamba, pafupifupi mamililita 200. Takasani kamodzi, ikanimo kagawo kopyapyala ka apozi, perekani kukadali nthunzi.

Chifukwa chothirira wisiki m'kapu n'chakuti mowa umawira msanga kuposa madzi, pa madigiri 78 pomwe madzi amadikira 100. Mukauika mu poto pamoto, fungo lake limathawa ndi nthunzi, mumatsala ndi chakumwa chozizira mtima ngakhale chikutentha. Ndipo musawononge botolo lodula. Wisiki wamba wosakaniza, wa mphamvu ya 40 peresenti kapena kupyola pang'ono, ndi woyenera. Uja wonunkha utsi amalimbana ndi apozi, sindikulangizani.

Kuthira m'kapu kuli ndi ubwino winanso. Poto amatsala wopanda mowa, ndiye amayi oyembekezera, ana osakwana zaka 18, woyendetsa galimoto ndi achimwene a kumpingo osamwa aja onse amamwa nawo. Ena amathiramo tiyi wakuda wa Chombe wofulula kwambiri m'malo mwa wisiki, ndipo zimakoma ndithu.

Pali chimodzi chimene ndimawauza alendo anga nthawi zonse. Kufunda komwe mumamva mukamwa mowa n'kwa pakhungu pokha. Mowa umatsegula mitsempha ya magazi ya pakhungu, thupi n'kumataya kutentha mofulumira, inu mukuganiza kuti mwafunda. Kutsekemera kwa apozi nako kumabisa ukali wa wisiki, kapu yachitatu imalowa osaimva. Choncho makapu awiri akwane, ndipo muyambe mwadya nsima. Mlendo amene akubwerera ku Luwinga kapena ku Chibavi usiku pa kabaza avale jekete lake mpaka m'khosi, ndipo ngati wabwera pa galimoto yake, kapu yake ikhale ya tiyi ija.