Ku Montenegro: kokwera, kowoloka ndi kodyera

Mukagona ku Kotor, tawuni ya m'mphepete mwa nyanja m'dziko la Montenegro ku Ulaya, dzuwa lisakupezeni pabedi. Dzukani m'mamawa mukwere masitepe opita ku linga la San Giovanni, pamwamba pa tawuni. Alipo pafupifupi 1,350, ndipo miyala yake ndi yoterera chifukwa yapondedwa zaka mazanamazana. Valani nsapato zogwira pansi, madzi m'manja. Ine ndinafika pamwamba thukuta lili kamukamu, koma nditaona madenga ofiira atathithikana m'mphepete mwa nyanja, mapiri atazinga madzi mbali zonse, kutopa konse kunatha.

Masana kwerani basi ya ku Perast, bwato likuwolotseni pa kachilumba ka Gospa od Škrpjela. Anthu anachita kuunjika miyala m'nyanja mpaka kumangapo tchalitchi. Ndalama ya dzikoli ndi euro, ndipo apabwato amafuna ya pamanja.

Pa zakudya chenjerani. M'malesitilanti a kunyanja nsomba yatunthu amaiwerengera pa kilogalamu, choncho auzeni akuyezereni isanapite pamoto. Mukaona crni rižot, mpunga wakuda bii, musaunyoze. Ndi wokoma kwabasi.

Koma mtima wanga unatsala kumapiri. Msewu wokhotakhota wochoka ku Kotor umakufikitsani ku mudzi wa Njeguši, kwawo kwa pršut, nyama ya nkhumba yofutsa pa utsi, yodulidwa mopyapyala ngati pepala. Mukapitirira kumpoto, ku Žabljak, itanitsani kačamak: ufa wachimanga wophikira limodzi ndi mbatatesi, n'kutakasiramo tchizi. Ikufanana ndi nsima, koma ndi yonona moti siifuna ndiwo. Mbale imodzi imakwana anthu awiri.