Momwe mungalowere ntchito yothandiza ovulala kutali ndi chipatala

Ndine clinical officer. Kupatula ntchito yanga ya ku casualty, kolandirira ovulala ndi odwala mwadzidzidzi, ndimaphunzitsa chithandizo choyamba kwa anyamata onyamula katundu wa alendo m'phiri la Mulanje komanso a kabaza. Achinyamata amandifunsa kawirikawiri kuti ntchito imeneyi munthu amayilowa bwanji. Ndiyankha pano, koma ndikhazikika kwambiri pa kuphunzitsa ena, chifukwa munthu akaterereka pafupi ndi kanyumba kogona alendo ka Chisepo, m'munsi mwa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija, dotolo amakhala ali kutali ndi maola ambiri. Manja oyamba kumugwira ndi a mnyamata amene wamunyamulira chikwama.

Khomo lake ndi MSCE yokhoza bwino Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi. Mukafuna u clinical officer, dipuloma yake ndi ya zaka 3 ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo ku Thyolo, kenako internship. Udotolo ndi unamwino wa digiri uli ku KUHeS, yunivesite yomwe idabadwa mu 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zitaphatikizana. Mukatsiriza mulembetse ku Medical Council of Malawi, kapena ku Nurses and Midwives Council ngati ndinu namwino. Mukalembedwa ntchito, pemphani kuti akuikeni ku casualty. Ambiri amakuthawa chifukwa kulibe mpumulo, koma ndi kumene maso amaphunzira kuzindikira munthu amene watsala pang'ono kutisiya ngakhale sakubuula.

Pali maphunziro aafupi awiri amene musaphonye. Oyamba ndi ETAT, osankha mwana wodwalitsitsa pamzere kuti athandizidwe msanga. Adachokera ku ntchito ya a Professor Elizabeth Molyneux ndi anzawo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo WHO idawasindikiza mu 2005 kuti maiko ena atengereko. Achiwiri ndi Basic Emergency Care, omwe WHO ndi ICRC, bungwe la Red Cross la padziko lonse, adatulutsa mu 2018, ophunzitsa kuona wovulala motsatana: njira ya mpweya, kapumidwe, kayendedwe ka magazi, ubongo, kenako thupi lonse. Mwayi ukapezeka, kagwireniko ntchito ku AETC, malo a ngozi za akuluakulu omwe adatsegulidwa pa Queen Elizabeth mu 2011. Ngati sukulu ya zachipatala simunapiteko, musataye mtima: Malawi Red Cross Society ndi St John amaphunzitsa chithandizo choyamba kwa aliyense. Kunja, monga ku sukulu ya NOLS ku America, kuli maphunziro a Wilderness First Responder, othandiza ovulala kutchire, a maola pafupifupi 80, koma mtengo wake ndi wozizitsa nkhongono, ndipo zambiri zomwe zilimo mutha kuziphunzira konkuno.

Tsopano kuphunzitsa. Gulu langa loyamba ndidalilakwira. Ndidabwera ndi mapepala, ndidayankhula m'mawa wonse, anthu nkumagwedeza mitu. Madzulo ndidagoneka mnyamata mmodzi pansi, kumupaka utoto wofiira pantchafu, nkumuuza kuti akuwe. Amuna 12 amphamvu zawo adangomuzungulira. Wina adathamangira madzi oti amuthire kumaso, wina adayamba kumukoka mkono kuti akhale tsonga. Palibe amene adagwira bala. Kuyambira tsiku limenelo sindiyankhula kupitirira mphindi 10 anthu asanagwade pansi.

Choncho sankhani gulu laling'ono, anthu 10 kapena 12, ndipo akhale amene amapezekadi pamalo a ngozi: a kabaza a pa siteji, amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa M1, otsogolera alendo a ku Likhubula. Kadziwitseni amfumu ndi akuluakulu a chipatala chapafupi musanayambe, kuti anthu anuwo akadzafika ndi wovulala asadzaonedwe ngati ongolowerera. Nkhani ya alawansi muinene poyera tsiku loyamba. Ngati palibe, nenani kuti palibe. Otsala ndi amene mudzawadalire.

Yambani ndi magazi, chifukwa ndi amene amapha msanga ndipo kuwaletsa sikulira zida. Wophunzira avale magolovesi, akasowa alowetse manja m'majumbo oyera, apinde chitenje, adinikize pabala ndi thupi lake lonse osatukula kuti asuzumire. Nsalu ikanyowa asanjikize ina pamwamba. Ngati magazi a pamwendo kapena pamkono akuthovokabe, apinde chitenje chikhale chotambalala ngati zala zitatu, amange masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, osati pabondo kapena pachigongono, alowetse kamtengo kolimba nkupotokola mpaka magazi atasiya. Wovulala adzalira kwambiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amamva chisoni nkumasula. Auzeni asamasule. Alembe nthawi imene amangira, ngakhale pakhungu la wovulalayo ndi cholembera. Chingwe, waya kapena linya ayi, zimadula mnofu.

Wokomoka koma akupuma, agonekedwe cham'mbali kuti masanzi asamutsamwitse, ndipo asamwetsedwe kanthu. Ngati wagwa kuchokera pamwamba kapena wagundidwa ndi galimoto, mmodzi agwire mutu ndi manja awiri, ena atembenuze thupi lonse pamodzi ngati chipika. Amene sakupuma, kudinikiza pakati pa chifuwa ka 30, mofulumira ka 100 mpaka 120 pamphindi, kuzama masentimita 5 kapena 6, kenako kuuzira mpweya kawiri, nkumabwereza chomwecho. Ndimawauzanso chilungamo: pamwamba pa phiri, popanda makina, ambiri otere sabwerera, ndipo silikhala vuto la wothandizayo.

Za njoka mudzatsutsana nawo, konzekeranitu. Pafupifupi aliyense ali ndi agogo amene ankatema mphini ndi kuyamwa ululu. Ine sindinyoza agogo a munthu. Ndimangofotokoza zomwe ndaona ku casualty: mwendo wolumidwa ndi mphiri umatupa kwambiri, ukamangidwa zolimba umavunda. Avule mphete ndi nsapato, mwendo aumangirire kumtengo kuti usagwedezeke, wolumidwayo anyamulidwe, asayende yekha.

Cha m'phiri chenicheni ndi kuzizira. Mwezi wa June ndi July chiperoni chikagwa, nkhungu imatseka njira, munthu wothyoka mwendo amene wagona pathanthwe ndi zovala zonyowa amatha kufa ndi chisanu fupalo lisanamuvutitse. Aphunzitseni kuyala kaye kanthu pansi pake, zikwama kapena udzu wouma, kumuvula zonyowa, kumufunditsa mpaka kumutu. Akayamba kuyankhula zosamveka kapena kusiya kunjenjemera, zinthu zafika poipa. Machira timapanga ndi nsungwi ziwiri zolowetsa m'manja a majekete atatu otseka zipi, kapena m'matumba a chimanga oboola m'makona. Yesani machirawo ndi munthu wolemera kwambiri pagululo, pamalo otsetsereka enieni. Anthu anayi satha kutsitsa munthu m'phiri, pamafunika 8 kapena kuposa, osinthana. Otumidwa kukaitana thandizo apite awiri, ndi kapepala kolembapo malo, chovulala ndi nthawi, chifukwa netiweki m'mwambamo imabwera nkupita.

Tsiku lomaliza musawapatse mayeso olemba. Konzani ngozi yabodza osawachenjeza, ndi ovulala atatu, wina wokuwa kwambiri koma wongokalika, wina wachete amene akutaya magazi. Onani amene athamangira kwa wacheteyo. Ameneyo mumusunge, adzakuthandizani kuphunzitsa gulu lotsatira.

Pakatha miyezi 6 bwereraniko, chifukwa manja amaiwala. Ine ndimasiya kope limodzi kwa mtsogoleri wa gulu kuti azilemba ngozi iliyonse imene athandizapo: tsiku, chomwe chidachitika, zomwe adachita, ndi nthawi imene adafika kuchipatala. Ndikabwerera timakhala pansi nkuwerenga kopelo limodzi, ndipo phunziro la tsikulo timalitenga mmenemo.