Malangizo Oikira Zida Zokwezera Subaru Forester Yoyenda m'Misewu ya Kumidzi

Zida izi zimakweza galimoto ndi mamilimita 40, ndipo zinapangidwira Subaru Forester ya mtundu wa SJ yokha, imene inayamba kutuluka ku Japan kumapeto kwa caka ca 2012 mpaka 2018. Musanamasule bauti ngakhale imodzi, yang'anani pa kambale ka manambala a galimoto yanu ngati palembedwa SJ5 kapena SJG. Forester yakale ya SG kapena SH, ndiponso Outback, siziyenera kuikidwa zida izi ngakhale mabowo ataoneka ngati akugwirizana. M'bokosi mupezamo ma spacer (zolowetsa pakati kuti galimoto ikwere) anayi a pamwamba pa mashoka, ma spacer a subframe ya kumbuyo (felemu lonyamula difu), mabauti ake, ndi cishango coteteza sampu.

Galimotoyi imacoka ku fakitale ili ndi mpata wa mamilimita 220 pakati pa mimba yake ndi nthaka. Mukaika zidazi, sampu ndi mabampa zidzakwera, koma difu ya kumbuyo sidzakwera mofanana, cifukwa ma spacer a subframe amaitsitsa dala kuti ma CV joint (mfundo za mashafti ozungulitsa matayala) asapindike mopitirira muyeso ndiponso kuti tayala la kumbuyo likhalebe pakati pa malo ake. Tikukupemphani ndi mtima wonse kuti musawonjezere zina pamwamba pa izi. Ena amasanjika ma spacer awiri pa shoka imodzi pofuna kuti galimoto ioneke ngati Land Cruiser, ndipo zotsatira zake n'zakuti mphira za ma CV joint zimang'ambika, girisi imatayika, fumbi limalowa, kenako galimoto imayamba kulira kuti kwa-kwa-kwa ikamakhota.

Kaikidwe kake

Nchitoyi icitikire pamalo osalala a simenti. Chingani matayala, masulani pang'ono manati galimoto ikali pansi, ndipo mukaikweza ndi jeke muikhazike pa zocirikizira zacitsulo zinayi. Njerwa, zitsa ndi miyala si zocirikizira, ndipo munthu asalowe pansi pa galimoto imene yatsamira pa jeke yokha.

Yambani kutsogolo. Masulani link ya stabiliser, kenako cotsani pa shoka tizitsulo togwira paipi ya mabuleki ndi waya wa ABS, cifukwa zimenezi zikakokeka zimawonongeka mkati popanda kuoneka kunja. Pa mabauti awiri akuluakulu ogwira shoka m'munsi, ya pamwamba ndiyo imakonza kapendekedwe ka tayala, motero ikani cizindikiro ndi penti pa mutu wake musanaimasule kuti mudzaibwezere mmene inalili. Cirikizani habu ndi jeke yaing'ono kuti isalendewere n'kusolola shafti m'giyabokosi. Tsopano tsegulani boneti ndi kumasula manati atatu a m'mbali mwa mutu wa shoka. Nati yaikulu ya pakati musaikhudze ngakhale pang'ono, pakuti ndiyo yagwira sipuling'i yopanikizidwa, ndipo ikamasuka sipuling'iyo imauluka ndi mphamvu yokwanira kuthyola dzanja kapena nsagwada.

Spacer iliyonse ili ndi cilembo ca mbali yake ndi muvi woloza kutsogolo kwa galimoto. Mabowo ake anabooledwa mosuntha pang'ono kuti tayala lisapendekeke galimoto ikakwera, ndiye mukasinthanitsa ya kumanja ndi ya kumanzere, palibe makanika amene adzakwanitse kuwongola matayalawo. Kumbuyo nchito ndi yofanana, kupatula kuti manati a pamwamba ndi awiri ndipo mumawafikira mutacotsa zokutira za m'buti. Ma spacer a subframe aikidwe mbali imodzi kaye, difu ili pa jeke, musanapite mbali inayo.

Mabauti onse odutsa m'mabushi a mphira muwamange komaliza galimoto itatsika n'kuima pa matayala ake. Mukawalimbitsa matayala akulendewera, mphira imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo sicedwa kuphwanyika. Gwiritsani nchito sipanala yoyeza mphamvu motsatira buku la Subaru. Manati a matayala amamangidwa kufika pa 120 N·m. Tsiku lomwelo pitani kukacita alignment (kuwongola kaimidwe) ya matayala onse anayi, mutsitsenso kuwala kwa nyali zakutsogolo kuti musamathobwe anzanu m'maso usiku. Ngati galimoto yanu ili ndi makamera a EyeSight (othandiza kupewa ngozi) pafupi ndi galasi loonera kumbuyo, akawayeze kwa odziwa, popeza kutalika kwa galimoto kwasintha. Mukayenda makilomita 500, bwerezani kulimbitsa bauti iliyonse imene munaikhudza.

Cishango cimalowa pamalo a pulasitiki ya pansi pa injini. Injini ya Subaru ndi yogona cammbali ndipo imakhala m'munsi, motero sampu ndi mapaipi a utsi ndizo zimayamba kukumana ndi mwala wobisika pakati pa mikwingwirima ya mathirakita ndi ngolo za ng'ombe. Siyani mpata wolowa cala pakati pa cishango ndi sampu. M'miyezi ya August mpaka October, udzu ukauma, muzigwada ndi kuzula udzu wonse wokakamira pakati pa cishango ndi paipi ya utsi mukangotuluka m'chire, cifukwa paipiyo imatentha kwambiri ndipo udzu wouma umayamba kufuka musanadziwe.

Matayala

Pano ndi pamene eni galimoto ambiri amaluza ndalama zoculuka. Forester imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, ndipo mkati mwa giyabokosi muli mbali imene imagawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Tayala limodzi likakhala laling'ono kuposa anzake limazungulira mofulumira, mbali ija imayesa kuti galimoto ikuterereka, ndiye imagwira nchito osapuma mpaka kutentha ndi kutha. Conco matayala onse anayi akhale a kampani imodzi, mtundu umodzi ndi saizi imodzi, ndipo kuya kwa mizere yake kusasiyane kufika mamilimita 2. Cizolowezi cogula tayala limodzi la kaunjika pamene lina laphulika n'cimene cimapha magiyabokosi a magalimoto awa, ndipo mtengo wa giyabokosi ina ya otomatiki (CVT) umaposa kutali mtengo wa matayala anayi atsopano.

Forester zambiri za SJ zimabwera ndi matayala a 225/60R17. Mukakweza galimoto mungaike a 225/65R17 a mtundu wa all-terrain, amene ndi aatali ndi mamilimita pafupifupi 22, kutanthauza kuti galimoto yonse pamodzi ndi difu imakwera ndi mamilimita 11 ena. Khotetsani siteling'i mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri kuti muone ngati tayala likukhuza pulasitiki ya mkati. Kumbukiraninso kuti sipidomita idzayamba kuonetsa liwiro locepa ndi magawo atatu pa 100 alionse poyerekeza ndi kale, zimene n'zofunika kudziwa pa Great East Road pamene apolisi amaima ndi makamera. Kasipeya kang'ono kamene kamabwera ndi magalimoto a ku Japan n'kongokufikitsani pa galaja yapafupi pa msewu wa tara. Wopita kutali agule tayala lacisanu lofanana ndi enawo, ndipo azilisinthanitsa ndi anzake kuti onse azitha mofanana.

Poyendetsa

Forester ya otomatiki ilibe giya yotsika ya low range. Batani la X-Mode, lothandiza m'misewu yovuta, limagwira nchito liwiro likakhala pansi pa makilomita 40 pa ola, ndipo pamtsetse limagwira mabuleki lokha mukakhala pansi pa makilomita 20 pa ola. Limathandiza ndithu, koma mukakakamiza galimoto nthawi yaitali pa citunda ca miyala kapena mumcenga wakuya, mafuta a giyabokosi amatentha ndipo nyali ya AT OIL TEMP imayaka. Ikayaka, imani pamalo abwino, ikani giya pa P, ndipo siyani injini ikulira mpaka nyaliyo itazima.

Mumcenga wa ku Mongu ndi Kalabo, cepetsani mpweya m'matayala kufika pafupifupi 1.4 bar, zimitsani VDC (cipangizo coletsa galimoto kuterereka) kuti isamadule mphamvu ya injini, ndipo yendani mosadukiza popanda kukhota mwadzidzidzi. Mukabwerera pa tara popani nthawi yomweyo mpaka muyeso wolembedwa pa felemu la citseko ca dalaivala, ndiye cifukwa cake pampu yamagetsi siyenera kusowa m'buti. Dothi lakuda la m'cigwa ca Luangwa ndi nkhani ina: kuyambira November mpaka April limamata m'mizere ya tayala mpaka tayalalo kusalala ngati mbale, ndipo mamilimita 40 amene mwawonjezera sangakuthandizeni. Wopita ku Mfuwe nthawi ya mvula adzere ku Chipata pa tara, asadule njira yakale ya ku Petauke.

Injini imakokera mpweya kutsogolo, m'munsi mwa mlomo wa boneti. Musawoloke madzi opitirira pakati pa tayala, ndipo m'mitsinje ya ng'ona musalowemo ndi miyendo poyeza kuya kwake. Dikirani muone galimoto ina ikuwoloka kapena funsani anthu a m'deralo. Injini ikazimira m'madzi musailizenso. Mukawoloka, yang'anani mafuta a difu ya kumbuyo, ndipo ngati asanduka ngati tiyi wamkaka muwasinthe.

Kambedza kopotera m'bampa n'kokokera galimoto pang'onopang'ono, osati kuizula m'matope mothamangitsa cingwe. Mukatitimira, kumbani ndi fosholo kutsogolo kwa matayala onse, ikani matabwa kapena nthambi, ndipo anthu aime patali ndi cingwe pokoka. Galimoto ikawonongeka inyamulidwe yonse pa lole, cifukwa kuikoka matayala awiri ali pansi kumawononga giyabokosi. Musanayambe kuigwiritsa nchito pa msewu, dziwitsani kampani yanu ya inshuwalansi mwa kalata za kusinthaku, ndipo popita kukayezetsa fitinesi ku RTSA, bungwe loona za pamsewu ku Zambia, tengani pepalali pamodzi ndi lisiti ya alignment.