Mmene Mungawerengere Iliad ndi Kuiunika Mwachilungamo

Ambiri amatsegula Iliad akufunafuna kavalo wamatabwa uja amene Agiriki analowera naye mumzinda wa Troy. Mulibemo. Imfa ya Achilles nayonso mulibe. Ndakatulo ya Homer imeneyi ikungokamba za masiku pafupifupi 50 m'chaka chakhumi cha nkhondoyo, ndipo liwu lake loyamba m'Chigiriki ndi "mkwiyo". Gwirani liwu limenelo, musalitaye. Agamemnon, mtsogoleri wa Agiriki, walanda Achilles, ngwazi yawo yaikulu, mkazi wogwidwa kunkhondo dzina lake Briseis, Achilles wanyanyala kumenya nkhondo, ndipo zonse zotsatira zikuchokera pamenepo.

Yambani ndi kusankha womasulira. Richmond Lattimore anatulutsa kumasulira kwake m'Chingerezi mu 1951, ndipo amatsata Chigiriki mzere ndi mzere, choncho ngwabwino kwa wofuna kulemba. Kumasulira kwa Robert Fagles kwa 1990 n'kosavuta kuwerenga, koma manambala a mizere yake sagwirizana ndi a Chigiriki. Kulinso kwa Emily Wilson kwa 2023.

Ndakatuloyi ili ndi magawo 24 ndi mizere yoposa 15,600. Gawo limodzi patsiku ndi lokwana, pafupifupi ola limodzi. Muziwerenga mokweza, chifukwa anthu akale ankaimva ndi makutu.

Khalani ndi pepala lolembapo mayina, pakuti ambiri amasochera pomwepa. Agiriki sakutchedwa Agiriki, koma Achaeans, Danaans kapena Argives, ndipo onsewo ndi gulu limodzi. Paris, mwana wa mfumu ya Troy, akutchedwanso Alexandros. "Mwana wa Atreus" nthawi zambiri ndi Agamemnon, koma penapake ndi mng'ono wake Menelaus. A Ajax alipo awiri. Malo ena ogwetsa ulesi ndi theka lachiwiri la gawo 2, pomwe mlakatuli akutchula atsogoleri, midzi yawo ndi zombo 1,186. Ulendo woyamba pitanipo mwachangu, mudzabwererenso mukawadziwa anthuwo.

Mawu obwerezabwereza asakutopetseni. Achilles akutchedwa waliwiro ngakhale atakhala pansi, ndipo mthenga amabwereza uthenga wonse monga anautengera. Milman Parry, amene anakamvetsera oimba ndakatulo zapakamwa ku Yugoslavia m'zaka za m'ma 1930, anasonyeza kuti mawu okhazikika otere ndi amene ankathandiza woimba kudzaza mzere osaphonya kayendedwe kake. Wounika amene amawatcha ulesi wa Homer amakhala ataphonya luso lenilenilo.

Pali malo ofunika kuchedwapo. M'gawo 6, Hector, ngwazi ya Troy, akumana ndi mkazi wake Andromache pachipata cha mzinda. Atambasula manja kuti anyamule mwana wawo, koma khandalo lilira, kuopa chisoti chamkuwa ndi ubweya wa kavalo ukugwedezeka pamwamba pake. Makolo onse aseka, Hector avula chisoticho n'kuchiika pansi, ndipo apo mpomwe amupsompsona mwanayo. Werengani malowa kawiri, chifukwa mukadzafika gawo 22 n'kuona mtembo wa Hector ukukwekwerezedwa m'fumbi kumbuyo kwa galeta, mudzawakumbukira. Gawo 9 nalo ndi lolemera: Odysseus, Phoenix ndi Ajax akunyengerera Achilles ndi mphatso zochuluka, iye akukana, akufunsa ngati ulemu ungagule moyo wa munthu. Patroclus, bwenzi lapamtima la Achilles, aphedwa ndi Hector m'gawo 16, ndipo Achilles abwezera pomupha Hector. Ndiyeno m'gawo 24 nkhalamba Priam, mfumu ya Troy komanso bambo wa Hector, ilowa usiku mumsasa wa adani, ipsompsona manja a Achilles amene anapha ana ake, ipempha mtembo wa Hector. Awiriwo alira limodzi, kenaka adyera pamodzi.

Pofika polemba, tchulani kaye womasulira ndi chaka, chifukwa mawu amene mwawerenga ndi ake. Musanayamikire kapena kudzudzula kalembedwe, yerekezani mizere 20 yomweyo m'mabuku a omasulira awiri. Mudzaona kuti zina zimene mumati ndi za Homer ndi za womasulira. Chidule cha nkhani chisapitirire ndime imodzi. Ounika ambiri amathera malo onse pofotokoza amene anapha mnzake, maganizo awo osaoneka.

Sankhani funso limodzi, muliyankhe ndi umboni. Kodi Achilles analakwa kukana mphatso zija? Kodi milungu ikamalowerera, mlandu wa munthu umachepa? Potchula umboni lembani gawo ndi mzere, mwachitsanzo 6.466, pomwe Hector akutambasula manja aja. Musaweruze ndakatuloyi ngati buku la mbiri yakale, ndipo musathamangire kunena kuti ikutamanda nkhondo kapena ikuidzudzula. Onani mmene msilikali wosatchuka amapatsidwira dzina, bambo ake ndi kwawo pa mphindi imene mkondo ukumulowa. Akazi ogwidwa ukapolo musawadumphe: Briseis, amene amuna akumulimbirana kuyambira gawo 1, sakumveka mawu mpaka gawo 19, pomwe akulira pa mtembo wa Patroclus n'kutchula mwamuna wake ndi alongo ake atatu amene anaphedwa mzinda wakwawo utagwa.