Mmene Mungawerengere Bajeti ya Boma Kuti Muone Ngati Ikufika kwa Osauka

Chaka cha boma cha zachuma ku Malawi chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March. Nduna ya zachuma ikamawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo, anthu amagwira nambala yaikulu ija ya matrilioni. Musathere pamenepo.

Yambani ndi chiwongoladzanja cha ngongole. Ndalama imeneyi imatuluka kaye chipatala chisanalandire panado. M'zaka zaposachedwapa yakhala ikuposa ndalama zonse zopita ku zaumoyo, chonsecho maiko a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti zaumoyo zizilandira 15 peresenti ya bajeti. Onaninso kuti boma likufuna kukongola zingati kuno kwathu. Likamakongola kwambiri m'mabanki, mabankiwo amakonda kubwereketsa boma chifukwa silithawa, ndiye mayi wofuna kagalimoto kotengera tomato ku Jenda amapeza chiwongoladzanja chimene sangachikwanitse.

Kenako onani komwe ndalama zikuchokera. Msonkho wa PAYE umadulidwa malinga ndi malipiro, ndipo pali mlingo umene olandira zochepa sadulidwa. Funsani ngati mlingowo wakwera mofanana ndi mitengo ya zinthu. VAT, msonkho wa pa zogula, ndiye siona nkhope: waganyu ndi bwana amalipira chimodzimodzi pa katundu yemweyo, koma kwa waganyu ndi gawo lalikulu la zimene wapeza tsikulo. Choncho mndandanda wa katundu wopanda VAT muuwerenge mzere ndi mzere.

Pa bajeti ya chitukuko pali magawo awiri: Part 1, ndalama za maiko ndi mabungwe otithandiza, ndi Part 2, zathu zomwe. Misonkho ikachepa, Part 2 ndi imene imadulidwa msanga, popeza malipiro ndi ngongole sizidikira. N'chifukwa chake midadada ya sukulu imaima pa windo zaka zitatu. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, wakhala akudalira kwambiri ndalama zakunja. Onani gawo limene boma laikapo lokha.

Pa ndondomeko ya boma ya feteleza wotsika mtengo musangowerenga ndalama. Gawani ndalamazo ndi chiwerengero cha opindula, muyerekeze ndi mtengo wa matumba awiri a makilogalamu 50. Feteleza amagulidwa ndi madola, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama yomweyo inagula matumba ochepa. Feteleza wofika mu January, chimanga chitafika kale m'mawondo, waphonya ntchito yake ngakhale m'mabuku aoneke kuti anagawidwa.

Zovomerezedwa ndi aphungu si zimene zimafika kumudzi. Yerekezani ndi kuunikanso bajeti kwa pakati pa chaka komanso malipoti a Auditor General, mkulu wofufuza mmene boma lagwiritsira ntchito ndalama. Kenako pitani kukhonsolo mukafunse ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha m'dera la phungu) ndi za mankhwala zimene zafikadi mwezi ndi mwezi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, likukulolani. Lembani kalata, musunge kope yodindidwa.