Mawu akamachedwa pa kabokosi ka TV

Kabokosi kanga koonera mafilimu pa intaneti kanayamba zachilendo, munthu watseka kale pakamwa mawu n'kumabwera pambuyo, pa mpira ndiye zimanyanya. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, ndinabwereka chingwe china cha HDMI cholumikiza kabokosiko ndi TV, ndinaikanso bandulo yatsopano poganiza kuti ndi netiweki, koma ayi ndithu.

Chomwe chinathandiza ndi ichi: lowani mu Settings pa kabokosiko, pitani pa Sound, pomwe pali Dolby Digital kapena Auto sankhani PCM kapena Stereo (awa ndi mayina a njira zotumizira mawu), chifukwa ma TV ena amachedwa kumasula mawu a Dolby aja. Kenako ndinachotsa sipika pa Bluetooth n'kuilumikiza ndi chingwe, paja Bluetooth imachedwetsa mawu. Kakusiyana kotsalako ndinakakonza pa AV Sync, posinthira kuti mawu ndi zithunzi ziziyendera limodzi, kusuntha pang'onopang'ono uku ndikuyang'ana milomo ya wowerenga nkhani. Ndinangogula kachingwe ka sipika basi.