Momwe mungasungire khofi kuti asasukuluke

Tsiku lina ndinagula khofi wogayagaya kale wokwana kilogalamu yathunthu, poganiza kuti ndathana ndi zopitapita kusitolo. Nditafika kunyumba ndinamukhuthulira m'botolo lagalasi, n'kulikhazika pawindo la kukhitchini, pafupi ndi pophikira. Sabata yoyamba nyumba yonse inkanunkhira. Pofika sabata yachitatu, kapu inkatuluka yakuda bii monga kale, koma mkamwa munkangomveka kuwawa kopanda fungo, ngati ndawiritsa katoni. Khofiyo sanawole ayi, anangosukuluka, ndipo amene ndinamusukulutsa ndinali ine ndemwe.

Khofi wokazinga saonetsa kuti waguga. Sachita nkhungu msanga, sasintha mtundu, amangotha fungo mwakachetechete. Anthu a m'mayiko amene khofi ndi wa tsiku ndi tsiku anazizindikira kalekale zimenezi, ndipo kamwedwe kawo kali ndi zotiphunzitsa tisanafike pa nkhani ya mabotolo ndi mafiriji.

Mmene ena amamwera

Ku Ethiopia, kwawo kwenikweni kwa khofi wa mtundu wa arabica, amamutcha buna. Mayi wolandira alendo amatsuka njere zaziwisi, n'kuzikazinga pachiwaya pamoto wa makala alendowo akuona. Zikada n'kuyamba kufuka, amayendetsa chiwayacho kwa aliyense kuti akokere utsiwo kumphuno ndi dzanja. Akatero amazisinja m'kamtondo, n'kuthira ufawo mu jebena, kamphika kadothi ka khosi lalitali. Apo lubani akufuka pambali. Khofiyo amamwedwa maulendo atatu: woyamba ndi abol, wachiwiri tona, wachitatu baraka, kutanthauza dalitso. Mwambowu ndi wosathamangira, koma taonani chinthu chimodzi: njere zakazingidwa, zasinjidwa ndi kumwedwa pa nthawi imodzi yomweyo. Palibe chosunga.

Ku Turkey amamugaya mpaka asalale ngati fulawa, n'kumuwiritsa m'kapoto ka chogwirira chachitali kotchedwa cezve. Sasefa, nsenga zimakhazikika zokha pansi pa kapu. Mu 2013 bungwe la UNESCO linaika kamwedwe kameneka pa mndandanda wa miyambo yofunika kuisunga. Ufa wosalala chotere suchedwa kutha fungo, n'chifukwa chake ku Istanbul, pasitolo ya Kurukahveci Mehmet Efendi imene inayamba mu 1871, anthu amaima pamzere kudikira timapaketi ting'onoting'ono ta khofi wongotuluka m'chigayo.

Mtaliyana amamwa espresso wake, khofi wamphamvu wophikidwa pamakina, ali chiimire pakauntala, timamililita 25 kapena 30 basi, kawiri katatu kukhosi n'kumapita. Cappuccino, espresso wothira mkaka wa thovu, ndi wam'mawa. Mukamuitanitsa mutangodya chakudya chamadzulo, akupatsani, koma adziwiratu kuti ndinu mlendo. Kunyumba ambiri amaphikira mu moka, kapoto ka makona asanu ndi atatu kamene Alfonso Bialetti anatulutsa mu 1933. Aluya a ku Saudi Arabia ndi mayiko oyandikana nawo amakazinga pang'ono chabe, amathiramo zonunkhiritsa zotchedwa cardamom, ndipo amatsanulira mlendo pang'onopang'ono kuchokera mu dallah mpaka mlendoyo agwedeze kapu kusonyeza kuti wakwana. Ku Finland munthu mmodzi amamaliza pafupifupi makilogalamu 12 pachaka, ndipo aneba awo a ku Sweden ali ndi fika, nthawi yoimitsa ntchito kuti amwe khofi ndi kucheza. Ku Vietnam, dziko lachiwiri kwa Brazil pa ulimi wa khofi, amakonda khofi wowawa wa mtundu wa robusta, amene amadontha pang'onopang'ono kuchokera m'kasefa kachitsulo kotchedwa phin, n'kugwera pa mkaka wam'chitini wotsekemera, kenako amathiramo ayezi.

Wina shuga, wina ayi. Wina kapu yaikulu, wina yonga chala. Koma kumene khofi amakoma, mupeza kuti nthawi yochokera pogaya kufika pakumwa ndi yaifupi. Njira zonse zosungira zimene zili m'munsimu zikungoyesa kutsanzira zimenezo.

Choyamba: gulani wochepa, ndipo fufuzani deti

Werengerani kaye mmene mumamwera. Muyezo umene ambiri amatsata ndi magalamu 60 a khofi pa lita imodzi ya madzi, kutanthauza magalamu 15 pa kapu ya mamililita 250. Ngati mumamwa makapu awiri patsiku, paketi ya magalamu 250 ikutherani m'masiku 8 kapena 9. Kilogalamu ija ndinagula ine inali ya mwezi wathunthu ndi masiku angapo pamwamba. Gulani woti atha m'masabata awiri kapena atatu mukatsegula.

Papaketi pamakhala madeti a mitundu iwiri. Deti losonyeza pamene khofi adzathere mphamvu limaikidwa patali, mwina chaka chathunthu kapena kupitirira, ndipo silikuuzani kuti njerezo zinachoka liti pamoto. Lofunika ndi deti limene anakazinga. Wogulitsa amene walemba deti limeneli ndiye kuti alibe chobisa.

Onaninso ngati paketiyo ili ndi kabatani kozungulira kokhala ndi tizibowo. Sikoti muzinunkhizira ayi, ngakhale tonse timachita zimenezo m'sitolo. Njere zikangokazingidwa zimatulutsa mpweya wa carbon dioxide kwa masiku ambiri, ndipo kabataniko kamalola mpweyawo kutuluka popanda kulowetsa wakunja. Pa chifukwa chomwechi, khofi wokazingidwa dzulo sakhala atafika pokoma penipeni. Mpatseni masiku atatu kapena asanu apume, ndipo wa espresso amafuna sabata kapena kuposerapo.

Chachiwiri: gulani njere, muzigaya nokha

Pa zonse zimene ndilembe pano, ichi ndiye chachikulu. Fungo la khofi limakhala m'mafuta ndi m'timipweya totsekeredwa mkati mwa njere. Njere yathunthu ili ngati nyumba yotseka zitseko: okosijeni amangonyambita kunja. Mukaigaya, mwaiphwanya kukhala tizidutswa tosawerengeka, ndipo kachidutswa kalikonse kali pamtetete. Kununkhira kumene kumadzaza khitchini pamene mukugaya ndi fungo limene likuthawa, ndipo silibwerera m'kapu. Ndiye gayani wokwanira kapu za nthawi yomweyo, madzi ali pamoto.

Pa zogayira, kachigayo ka mano awiri opekesana, kaya kopukusa ndi manja kaya kamagetsi, kamaposa kaja ka mpeni wozungulira. Ka mpeni kamangodula mwachisawawa, kwina fumbi kwina zibenthu. Fumbilo limatulutsa kuwawa, zibenthuzo zimatulutsa kuwawasa, ndipo zonse zimakumana m'kapu imodzi. Kamtondo nakonso kamagwira ntchito, malinga kakhale ka khofi yekha; kamene munasinjiramo adyo dzulo kadzakuululani.

Kukula kwa ufa kuzitsata chophikira: wokhakhala ngati mchere wamibulu ndi wa French press (jagi ya sefa yokankhira pansi), wonga mchenga ndi wa sefa yapepala, wosalala ndi wa espresso. Ngati mulibiretu chogayira, musadandaule, koma pamenepo gulani paketi yaing'ono kwambiri imene mungapeze, ndipo zotsatirazi muzitsate mosaphonya.

Chachitatu: chosungiramo ndi malo ake

Adani a khofi ndi anayi: mpweya, chinyezi, kutentha ndi kuwala. Botolo langa la pawindo lija linawaitana onse pamodzi. Dzuwa linkalowa pagalasi, nthunzi ya mapoto inkafika, ndipo m'mawa uliwonse ndikatsegula ndinkalowetsa mpweya watsopano m'botolo limene malo opanda kanthu ankakulirakulira.

Pezani chitini kapena botolo losaonekera mkati, la chivindikiro cha labala chotseka kuti thi. Likhale lolingana ndi khofi amene muli naye, chifukwa botolo lalikulu lokhala ndi khofi wa pansi pokha ndi nkhokwe ya mpweya. Zilipo zitini zina za chivindikiro chotsika mpaka kukagunda njere, n'kukankhira mpweya kunja. Zimenezo ndi zabwino koposa. Koma kunena zoona, paketi imene khofi anabweramo, ngati ili ya zipi ndi kabatani kaja, imaposa mabotolo ambiri okongola. Finyani mpweya, tsekani zipi, kulungani, n'kumanga ndi labala. Ngati muli ndi lagalasi lokha, ikani paketi yonseyo mkati mwake, osakhuthula.

Malo ake ndi m'kabati yozizira bwino, yamdima, yotalikirana ndi chitofu, uvuni ndi ketulo. Musaiwalenso kuti khofi amayamwa fungo la chilichonse chili pafupi. Musamugoneke pamodzi ndi sopo, zokometsera ndiwo kapena anyezi.

Chachinayi: firiji ayi, filiza mwina

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, poganiza kuti chilichonse chimakhalitsa chikazizira. M'firiji muli chinyezi ndi fungo la zakudya, ndipo kuzizira kwake sikokwanira kuimitsa kuguga kwa khofi. Choipa kwambiri ndi kutulutsa ndi kubwezera tsiku lililonse. Botolo lozizira likakumana ndi mpweya wofunda limachita thukuta, ndipo mukalitsegula thukutalo limagwera pa njere zomwe. Anthu ena amaika khofi wogaya m'firiji dala kuti achotse fungo loipa. Zimathekadi, koma khofi ameneyo salinso wakumwa.

Filiza, muja madzi amauma kukhala ayezi, ndi nkhani ina. Ngati mwapatsidwa khofi wambiri kapena mwagula woti simumaliza msanga, chitani motere. Mugaweni m'timagawo ta sabata imodzi imodzi. Gawo lililonse liikeni m'kathumba ka zipi, finyani mpweya wonse, kenako kathumbako mukaike m'chinthu china chotseka bwino. Lembani deti. Akasungidwa chonchi, khofi wa njere amatha miyezi ingapo fungo lili lomwe lija.

Potulutsa m'pamene pamafunika kudekha. Tengani gawo limodzi madzulo, n'kulisiya patebulo osalitsegula mpaka m'mawa, kuti thukuta lichitike kunja kwa thumba, osati pa njere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gawo limene latuluka lisabwererenso m'filiza. Ngati munagawa timagawo ta kapu imodzi imodzi, mukhoza kugaya njerezo zili zozizira chomwecho, sizifuna kudikira.

Chachisanu: wa m'botolo wongosungunula

Khofi wongothira madzi otentha uja, amene anafala dziko lonse Nescafé itatuluka ku Switzerland mu 1938, ndi khofi wophikidwa kale n'kuumitsidwa. Fungo lake lambiri linapita kale kufakitale, choncho mdani wake wamkulu ndi madzi. Supuni yonyowa imodzi yokha, kapena kutsegula botolo pamwamba pa kapu yofuka nthunzi, mawa mupeza wagwirana chibulumwa. Tapani ndi supuni youma, tsekani nthawi yomweyo.

Chachisanu ndi chimodzi: akaphikidwa, ndi ziwiya zake

Mukhoza kusunga njere mwaluso n'kudzaziwononga pa mphindi yomaliza. Madzi abwino ndi a madigiri 90 mpaka 96. Ngati mulibe choyezera, ketulo ikawira iphuleni, dikirani theka la mphindi, ndiyeno thirani. Khofi akapsa musamusiye pamoto kapena pa mbale yotenthetsa ya makina, chifukwa amapitiriza kupsa mpaka kuwawa ngati mankhwala. Wotsala muthireni m'fulasiki imene mwaitsukuluza kaye ndi madzi otentha. Wa mu French press mutsanuleni yense nthawi ikakwana, pakuti akakhala pamodzi ndi nsenga amangoyamwabe kuwawa.

Ziwiya nazonso zimasunga mafuta a khofi, ndipo mafuta akakhalitsa amanunkha. Pitsani chala mkati mwa chitini chimene mwakhala mukuthiramo khofi kwa miyezi. Mupeza kakunanda kofiirira. Musathire khofi watsopano pamwamba pa wakale. Tsukani chitinicho, chiume gwa, kenako thirani. Kachigayo kapukuteni ndi kaburashi kouma, osati madzi.

Mungadziwe bwanji kuti wasukuluka?

Mphuno ndiyo imayamba kunena: mukatsegula chitini n'kufunika kulowetsamo mphuno kuti mumve kanthu, ndiye kuti zapita. Njira ina ndi yoona ndi maso. Ikani ufa m'sefa, thirani madzi otentha ochepa ongonyowetsa, n'kuyang'ana. Khofi watsopano amafufuma n'kuchita thovu ngati mtanda wa buledi, chifukwa cha carbon dioxide uja. Wokhalitsa amangonyowa n'kukhala phee ngati dothi.

Wotereyu musamutaye msanga ngati alibe nkhungu kapena fungo lachinyezi. Sadwalitsa, ndipo caffeine yake, ija imachotsa tulo, imakhala ikadalimo. Muvikeni m'madzi ozizira, gawo limodzi la khofi pa magawo asanu ndi atatu a madzi poyeza kulemera, n'kumusiya m'firiji maola 12 mpaka 18 m'botolo lotseka, kenako sefani. Madzi ozizira sakoka kuwawa kwambiri. Kapena tsanzirani anthu a ku Mexico, amene café de olla wawo amamuwiritsa mumphika wadothi pamodzi ndi sinamoni ndi shuga wabulauni wosayenga. Wanga wa pawindo uja ndinamumaliza choncho, kamtengo ka sinamoni kamodzi pa makapu awiri alionse.